MAI BETTY MOUAT, WOLUKA MASHAWELO WA KU SHETLAND

Zowerenga: Machitidwe a Atumwi 9:36-42, Miyambo 31:10-20

Vesi loloweza pamtima: Agalatiya 6:2

Cholinga: Kuthandiza ana kuona kuti luso la manja ndi mphatso yotumikira nayo anzathu, ndiponso kuti anthu a Mulungu amasenzerana akatundu.

KWA MPHUNZITSI

Ana onse a m'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje amaidziwa shawelo. Anaiona pa tsiku limene mng'ono wao anachokera ku chipatala atakulungidwa bwino, anaionanso pa tsiku la ubatizo. Ambiri ali ndi amai kapena agogo amene amaluka majuzi, zipewa ndi masokosi ikamayandikira nyengo yozizira ya June ndi July. Chifukwa chake phunziro ili silikhala lachilendo kwa iwo, ngakhale munthu amene tikamba za iye anali wa dziko lakutali.

Werengani nkhani yonse kunyumba kawiri kapena katatu, kuti pa Sabata mukaifotokoze ndi mau anuanu, maso ali pa ana. Bwerani ndi shawelo imodzi, ulusi wa mitundu itatu kapena inai, ndi singano zolukira. Ngati mapu alipo, muonetse ana pamene pali Scotland ndi Norway. Kungakhale kokoma kupempha mai mmodzi wa Chigwirizano kuti adzakhale nanu ndi kuonetsa ana kalukidwe kake.

DZIKO LA KWAO

Ana anamvapo za Scotland, kwao kwa David Livingstone ndi Robert Laws. Kumpoto kwa dzikolo, pakati pa nyanja yaikulu ya madzi a mchere, kuli zilumba zochedwa Shetland. Mzinda wake waukulu ndi Lerwick. Ndi dziko la mphepo ndi chisanu, mitengo iri yowerengeka, ndipo dothi silibereka zambiri. Mwezi wa January, pamene ife tiri kupalira chimanga, kumeneko kumazizira koopsa, dzuwa nilioneka maora ochepa okha pa tsiku.

Masiku akale amuna a ku Shetland anali asodzi ndi ogwira ntchito m'zombo. Ankachoka miyezi yambiri, ndipo ena sanabwererenso. Tsono munda, ziweto ndi ana zinkatsala m'manja mwa akazi. Chimene chinkawathandiza kupeza zosowa za pakhomo chinali kuluka.

Betty Mouat anabadwira kumeneko m'chaka cha 1825. Atate ao sanawadziwe, pakuti anatayika pa nyanja m'chombo chosaka anamgumi. Mwendo wao umodzi unali waufupi, kotero ankayenda motsimphina moyo wao wonse. Sanakwatiwe. Anakhala pa mudzi wa Scatness, kumwera kwenikweni kwa chilumba chachikulu, pamodzi ndi banja la mlongo wao. M'maso a anthu anali munthu wamba, wosauka ndi wofooka m'thupi. Koma manja ao ankadziwa kupota ulusi ndi kuluka.

M'MENE SHAWELO INKAPANGIDWIRA

Pano mphunzitsi asafulumire, chifukwa ana ayenera kumva kukula kwa ntchito imene inali mu shawelo imodzi.

Ntchito inkayambira pa nkhosa. Nkhosa za ku Shetland ndi zazing'ono, koma ubweya wake ndi wofewa kwambiri. Ikafika nyengo yakuti ubweya wayamba kuthothoka wokha, akazi ankauzula ndi zala mmalo moumeta ndi mpeni. Ubweya wa pakhosi ndiwo unali wosalala koposa, ndipo ankaupatula kuti ukhale wa mashawelo a mtengo wapatali. Atatero ankaupesa, naupota pa kachipangizo ka gudumu kopalasa ndi phazi. Wodziwa kupota ankatulutsa ulusi woonda ngati wa kangaude.

Za mitundu ya ulusi, nkhosa zomwezo ndizo zinkapereka. Zina ndi zoyera, zina zotuwa ngati phulusa, zina zofiirira ngati katondo, zina zakuda. Woluka ankayala timipukutu ta ulusi, nayang'ana kuti ndi uti ungayandikane ndi unzake. Kawirikawiri ankayamba ndi wakuda, kenaka wofiirira, kenaka wotuwa, mpaka kufika pa woyera, nabwereranso chimodzimodzi. Potero mitundu inkalowana pang'onopang'ono ngati kucha kwa m'mawa. Banja limodzi silinkakhala ndi nkhosa za mitundu yonse. Nchifukwa chake wosowa ulusi wakuda ankayenera kugogoda pa khomo la mnzake, ndipo mawa lake iyenso ankagogoderedwa.

Mashawelo anali a mitundu iwiri. Ina inali yofunda masiku onse, yochindikala ndi yotentha. Pakati pake pankakhala posalala, pa ngodya zinai. Kuzungulira pamenepo pankabwera mizere yokhotakhota ngati mafunde, ya ulusi wa mitundumitundu. Ndipo kumapeto kunkakhala mphonje ya mano ngati a sowo. Ina inali yoyera mbee, yolukidwa ndi timabowo tambirimbiri ngati ukonde wosalala. Imeneyi ndiyo inatchukitsa Shetland, makamaka chilumba cha Unst. Shawelo yotere, ngakhale yaikulu yokwana kufunda munthu wamkulu, inkatha kupyola m'mphete ya ukwati. Kuitsiriza kunkatenga miyezi. M'chaka cha 1851 maluko a ku Shetland anaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha mu London, ndipo akazi olemera anayamba kuwafuna kwambiri.

Timabowo timeneti sitinkabwera mwangozi. Woluka ankakoloweka ulusi pa singano kuti patseguke kabowo, kenaka nalumikiza maso awiri kukhala limodzi kuti chiwerengero chisasinthe. Mwa kusintha malo a timabowo ankajambula zinthu zimene ankaziona tsiku ndi tsiku: chigoba cha nkhono, phazi la mphaka, diso la mbalame, ndi mizere imene funde limasiya pa mchenga. Kulakwa diso limodzi kunkaononga chithunzi chonse, ndipo pankafunika kumasula.

Maluko amenewa sanali olembedwa m'buku. Mtsikana ankaphunzira poyang'ana manja a amai ake, a agogo ake, kapena a mnansi. Akanakhala kuti wodziwa aliyense anabisa nzeru yake, luso lonse likanapita kumanda ndi mbadwo umodzi.

Nthawi yokhala pansi inali yosowa. Akazi ankamanga m'chiuno lamba wa chikopa wokhala ndi kathumba ka timabowo, nazika singano imodzi m'menemo kuti isagwedezeke. Motero ankaluka akuyenda, dengu la dothi lakuda losonkhera moto liri kumsana, pakuti nkhuni kunalibe. Shawelo ikatha ankaichapa, yoyera naifukiza ndi utsi wa sulufule kuti iyere koposa, naitambasula pa chimango cha matabwa kuti iume itaongoka.

MALONDA OWAWA

Wina angaganize kuti akazi a luso lotere anali olemera. Iai, sizinali choncho. Eni masitolo ambiri sankawapatsa ndalama. Mai akabwera ndi shawelo yake, mwini sitolo ankaitchula mtengo, namuuza kuti asankhe katundu wa m'sitolo momwemo: tiyi, nsalu, sopo ndi zina. Mai wosowa chakudya ankatuluka ndi tiyi, nayamba kuyenda khomo ndi khomo kufuna womsinthitsa, ndipo kawirikawiri ankaluza. M'chaka cha 1872 boma linatuma munthu wa malamulo kukafufuza mchitidwe umenewu, ndipo akazi ambiri oluka anapereka umboni wa mabvuto ao.

Ana a alimi adzamva msanga nkhani imeneyi. Amadziwa zimene zimachitika pamene munthu wasinthitsa chimanga chake ndi mchere kapena zobvala nthawi yokolola, njala nimpeza mwezi wa February.

Msika waukulu wa maluko unali ku Lerwick. Kuchoka ku Scatness kufika kumeneko ndi mamailosi ngati 25, ulendo wonga wochoka ku Mitundu kupita mu mzinda wa Lilongwe. Mai wa ana ang'ono sakanatha kusiya pakhomo. Tsono wina akakhala ndi ulendo, anzake ankamsenzetsa maluko ao kuti akawagulitsire. Kumeneko kunali kuika thukuta la miyezi yambiri m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo wotumidwayo ankayenera kukhala wokhulupirika.

ULENDO WA MU 1886

Pofika chaka cha 1886 Mai Betty anali ndi zaka pafupifupi 60, ndipo thupi linali losapeza bwino. Anaganiza zokaonana ndi dokotala ku Lerwick. Ananyamula mtolo wa mashawelo ngati 40, ena ao, ena a anansi ao. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo uthenga unali utafika kale ku Livingstonia mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, koma mishoni ya ku Mvera inali isanayambe, pakuti inayamba mu 1889.

Loweruka pa 30 January anakwera chombo chaching'ono cha matanga chochedwa Columbine pa dooko la Grutness. M'chombomo munali amuna atatu: woyendetsa, dzina lake James Jamieson, ndi omthandiza awiri. Wapaulendo anali Mai Betty okha. Poti ulendo unali wa maora ochepa, kamba wao anali botolo la mkaka ndi mabisiketi awiri. Anatsikira m'kachipinda ka pansi, nakhala.

Asanapite patali, mphepo inakula. Chingwe cha thanga lalikulu chinaduka, ndipo pamene amunawo ankalimbana nacho, woyendetsa chombo anagwera m'madzi. Anzake awiri aja sanazengereze. Anatsitsa kabwato, napalasa kukamfuna. Koma sanampeze, nyanja inali itammeza. Potembenuka kuti abwerere, anaona chombo chikuthamanga ndi mphepo kulowera kutali, kopanda wochiongolera. Anapalasa ndi mphamvu zao zonse, koma analephera kuchipeza. Movutikira anafika kumtunda, nakauza anthu. Zombo zinatumidwa kukafunafuna, koma zinabwerako chimanjamanja. Patapita masiku, onse anati Mai Betty anafa.

M'kachipinda muja, Mai Betty anaitana koma panalibe woyankha. Anazindikira kuti atsala okha. Sankadziwa kuyendetsa chombo, ndipo analibe mphamvu zokwerera pamwamba. Chombo chinkapendekera uku ndi uku, madzi ozizira nalowa pa chitseko cha pamwamba. Kuti asagubuduzike anagwira chingwe chimene chinkalendewera kudenga, kusinthanitsa manja, mpaka zikhato zinatupa. Anapeza jekete la woyendetsa uja, nalibvala. Anapezanso wochi yake, naipukusa tsiku ndi tsiku kuti asataye chiwerengero cha nthawi. Mkaka ndi mabisiketi aja anazidya pang'onopang'ono kuti zikhalitse. Zitatha, ankanyambita timadontho ta madzi totuluka pa galasi la zenera. Nthawi zina ankakwera pa bokosi, natulutsa mutu kuti aone ngati kuli mtunda, koma kunali madzi okhaokha. Anali munthu wopemphera, ndipo m'masiku amenewo anadzipereka m'manja mwa Mulungu.

Mphunzitsi awerenge masiku pamodzi ndi ana pa zala: Loweruka, Sabata, Lolemba, Lachiwiri, mpaka Sabata linanso. Pa 7 February, atatha masiku 8 pa nyanja, chombo chinatsakamira pa gombe la chilumba cha Lepsøy m'dziko la Norway, pafupi ndi mzinda wa Ålesund. Chinali chitayenda mamailosi ngati 300, ulendo woposa wochoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre. Gombe limenelo liri ndi miyala yambiri yoopsa, koma chombocho chinapyola pakati pake popanda dzanja la munthu pa chiongolero.

Anthu a pa chilumbacho anali asodzi osauka. Ataona kuti m'chombo muli munthu, analowa m'madzi ozizira ndi chingwe, namtulutsa. Sankamva chilankhulo chake, ndipo sankadziwa kumene wachokera. Komabe anamnyamula kupita naye kunyumba, namfunditsa, namdyetsa, namsamala kufikira mphamvu zinayamba kubwerera.

MASIKU AO OTSIRIZA

Mbiri inafalikira m'manyuzipepala a maiko ambiri. Pobwerera kwao anadzera ku Hull ndi ku Edinburgh, ndipo makamu a anthu ankabwera kuti angowaona. Anthu anasonkha ndalama zowathandiza, ndipo Mfumukazi Victoria inatumiza mapaundi 20. Pofika ku Lerwick anthu anadzaza pa dooko kulandira munthu amene anali atamlira kale.

Kutchuka sikunawasinthe. Anabwerera ku Scatness, ku kanyumba komwe kaja ndi ku singano zomwe zija. Anakhalanso ndi moyo zaka 32, nalandira alendo amene ankabwera kudzamva nkhani yao. Anamwalira mu February 1918 ali ndi zaka zoposa 90.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

1. Ntchito ya manja ndi yolemekezeka. Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31 amadziwika ndi ubweya, thonje ndi chopotera ulusi, ndipo manja omwewo ndiwo amatambasukira aumphawi. Dorika wa ku Yopa atamwalira, amasiye anaonetsa Petro zobvala zimene anawasokera. Ana asanyoze mai woluka pa khonde kapena wogulitsa zipewa pa msika wa Mitundu. Anyamatanso amve kuti phunziro ili ndi lao: woluka mphasa, dengu ndi nkhokwe ali m'gulu lomweli.

2. Luso limakula pogawana. Akazi a ku Shetland anapatsirana maluko popanda buku, nabwerekana ulusi. Kwathu kunonso alipo atsikana amene anayamba kuluka ndi masipoko a njinga ndi ulusi womasula ku juzi lakale, chifukwa mai wina anawaitana kukhala pambali pake. Akulu anati kupatsa nkuika. Wobisa nzeru yake amafa nayo.

3. Wofooka angathe kusenza katundu wa anzake. Mai Betty anali wokalamba, wotsimphina ndi wodwala, koma anansi anaika ntchito yao m'manja mwao. Funsani ana ngati munthu angawatume ndi ndalama ku msika wa Nathenje, chenji nkubwera chonse. Kukhulupirika kumayambira pa zazing'ono zotere.

4. Chifundo sichifunsa mtundu. Asodzi a ku Norway sanayambe afunsa kuti mlendoyu ndi wa kwa yani. Amuna awiri ajanso anaika moyo wao pa chiswe chifukwa cha mnzao.

Chenjezo kwa mphunzitsi: musaphunzitse ana kuti aliyense wochita zabwino amapulumuka pa ngozi. Pa ulendo womwewo James Jamieson anafa ali pa ntchito yake, ndipo kwao kunali maliro pamene ena ankakondwera. M'kalasi mwanu mungakhale mwana amene mai wake anali wopatsa ndi wopemphera, koma anamwalira. Mwana wotere asabwerere kunyumba ndi maganizo akuti Mulungu anawakonda pang'ono amai ake. Nenani poyera kuti Ambuye ali ndi anthu ake m'moyo ndi mu imfa momwe, ndipo kuti ntchito yathu ndi kukhala pafupi ndi olira.

MAFUNSO

1. Kodi akazi a ku Shetland ankaipeza kuti mitundu ya ulusi wao?
2. Nchifukwa ninji anansi anasenzetsa Mai Betty mashawelo ao?
3. Tchulani anthu onse a m'nkhaniyi amene anathandiza munthu wina. Aliyense anapereka chiani?
4. Kodi Dorika ndi Mai Betty akufanana pati, nanga akusiyana pati?
5. Ndi luso lanji limene inu mulidziwa, loti mungaphunzitse mnzanu sabata ino?

NTCHITO YOCHITA

Patsani mwana aliyense kaulusi kamodzi, ndipo ayese kukadula ndi manja. Kenaka lukani timaulusi titatu kapena tinai ta mitundu yosiyana, ayesenso. Aloleni anene okha chimene aona.

Kwa ana okulirapo, panganani ndi amai a Chigwirizano ndi akulu a mpingo. Mwana aliyense aluke kachidutswa kamodzi ka ngodya zinai, kofanana kukula ndi chikhato cha munthu wamkulu, ndi ulusi uliwonse umene ungapezeke. Wodziwa aphunzitse wosadziwa, ndipo amene ali ndi ulusi wotsala agawire mnzake. Tizidutswato tikakwanira, tisokedwe pamodzi kukhala kabulangete. Ana asankhe mitundu yoyenera kuyandikana, monga ankachitira akazi a ku Shetland. Mwezi wa June usanafike, kalasi lonse likapereke kwa khanda kapena nkhalamba imene akulu a mpingo aiona kuti iri yosowa chofunda.

PEMPHERO

Tsirizani ndi pemphero lalifupi. Yamikani Mulungu chifukwa cha manja a amai ndi agogo amene amatibveka. Pemphererani a paulendo, asodzi a pa nyanja yathu, amasiye, ndi onse ogulitsa ntchito ya manja ao, kuti alandire mtengo wachilungamo. Pemphaninso kuti ana a m'kalasi lanu akule ali okhulupirika ndi opatsa.